Mizere ya Nangondo

M'ufumu wa Tionamawa akufa ankalima kuposa amoyo. Izi si zakumowa, zinali m'mabuku a boma. Chaka chilichonse mvula ikayandikira, Mfumu Sindimva Wachiwiri inkalengeza kuti mlimi wosauka aliyense alandire matumba awiri a feteleza wotsika mtengo, ndipo chaka chilichonse oyamba kulandira anali anthu amene ziliza zawo zinayamba kale kung'aluka. M'boma la Kumathero mokha munapezeka midzi khumi ndi iwiri imene palibe anaipondamo chibadwire, uliwonse uli ndi nyakwawa yake, chidindo chake ndi njala yake ya feteleza.

Chimene chinapweteka Mfumu sikunali kubako. Chinali chakuti akufawo sankabwera kudzavina pamisonkhano.

"Matumba anga alandira," inatero Mfumu pabwalo la nduna ku likulu la Kwaokhuta, "koma ndikafika kwawo, nthungululu zii. Wamoyo wosayamika ndi woipa kale. Nanga wakufa wosayamika?"

Anaimirira Wolemekezeka Manjalende, Nduna ya Khasu ndi Zokolola, munthu amene khasu ankalidziwa bwino chifukwa linajambulidwa pachitseko cha ofesi yake. Anatulutsa m'thumba la jekete kabokosi kofanana ndi chidutswa cha sopo. Anati makina ameneawa achokera kutsidya la nyanja zitatu, ndipo ngakhale mtengo wake ukanagula feteleza wa maboma anayi, nzeru sitsika mtengo.

"Munthu aika chala chachikulu apa, Mwini Dziko. Makina awerenga mizere ya pachalapo, nkuyerekeza ndi chala chimene anadinda potenga chitupa cha ufumu. Akayaka mobiriwira, munthuyo alipo. Akayaka mofiira, kulibe. Wakufa chala ali nacho, koma kubwera nacho ku depoti ndi kovuta."

Mfumu inaika chala chake chonenepa. Makina anayaka mobiriwira.

"Akuti ndilipo?"

"Mulipo kwambiri, Mwini Dziko," nduna zonse zinayankha, zikuwomba m'manja.

Ku Kumathero, kumene msewu wa phula umafika pa wailesi pokha, kunali mayi wamasiye dzina lake Edinesi Nangondo. Anali ndi ekala imodzi, ana atatu ndi apongozi okalamba amene mano anatha koma njala ilipo. Chaka chathachi anakolola matumba anayi, ndipo nkhokwe inayamba kumveka mphepo mwezi wa Ogasiti usanathe. Chaka chino anagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti alipire gawo limene mlimi amayenera kusonkha pa feteleza wa Mfumu. Chimanga chinali chitamera, masamba anayi anayi. Nangondo ankadziwa chimene mlimi aliyense amadziwa: feteleza akapanda kulowa m'nthaka chimanga chisanamasule ngayaye, ndiye kuti walima mapesi.

Tsiku lolandira anaima pamzere kuyambira mbandakucha. Anafika patebulo dzuwa lili paliwombo, napeza kalaliki wotopa, a Bwerezani, atakumbatira makina aja ngati khanda.

"Ikani chala, mayi."

Kufiira.

"Pukutani pachitenje."

Kufiira.

"Pakani malovu."

"Anga kapena anu?"

"Anu omwe, mayi, tafulumirani."

Kufiira.

A Bwerezani anapukusa mutu. "Pepani, mayi. Makina akuti kulibe inu."

"Kulibe ine kuti?"

"Kulikonse."

"Nanga mbuzi yanga anagulitsa ndani?"

Kalalikiyo anagwira chala cha Nangondo nachiyang'ana padzuwa. Chinali chosalala ngati mpini wa khasu lakale, ndipo chifukwa chake chinali chomwecho: mpini ndi chala zinakhala zikupalana kuyambira mwezi wa Sepitembala, zonse ziwiri nkutha.

"Chala chanu chilibe mizere."

"Mizere ili kumunda, bambo. Ekala yathunthu, ndaunga ndekha. Tiyeni nawo makinawo akaone."

"Safuna mizere ya kumunda."

"Nanga mzere uwu ndaimapo chilirire tambala? Umenewunso sauwerenga?"

"Wotsatira!"

Wotsatirayo anali mlamu wake, Sipiliyano Kamtedza, mng'ono wa malemu mwamuna wake, katswiri wa bawo wa pansi pa mtengo wa kachere. Sipiliyano ankadwala msana umene unkayamba mvula yoyamba ikagwa nkuchira pa nthawi ya mondokwa. Chala chake chisanakhudze nkomwe galasi, makina anayaka mobiriwira ngati dimba.

"Mwaona, alamu?" anatero akupsompsona chalacho. "Zaka zonsezi mumati ndine mlesi. Ine ndimasunga umboni."

Tsiku limenelo, mwa anthu mazana asanu ndi limodzi, analipo makumi anayi ndi mmodzi. Analipo osewera bawo onse, mlaliki wa pamsika, tcheyamani wa kalabu ya alimi amene ntchito yake inali kutsegula ndi kutseka misonkhano, ndi bambo wina amene anathyoka mkono mu Okutobala. Bamboyu analira ndi chimwemwe, akuthokoza njinga imene inamugunda.

Pofika masana, matumba a anthu makumi anayi ndi mmodzi aja anali atatuluka pakhomo la kumaso kwa depoti nkukafika pamsika wa Chotsaniko, kumene mavenda ankagulitsa fetelezayo pambale yaing'ono, mtengo wake wa nkhuku yoikira. Pamsikapo moni anasintha.

"Muli bwanji, a Nachanza?"

"Kulibe ine, kaya inu anzathu?"

"Inenso kulibe, zikomo."

"Nanga ana kunyumba?"

"Wamng'ono yekha ndiye alipo, sanayambe kugwira khasu."

Kuyankha kuti "ndilipo" kunasanduka matama. Wonena choncho anthu ankamuyang'ana m'manja, akazi nkumakodolana. Wodula matikiti a msika naye anavutika, pakuti akafika pa benchi ya tomato, mwini wake ankayang'ana kumanzere ndi kumanja nkufunsa kuti, "Mukudulira yani, achimwene? Pano palibe munthu. Kafunseni makina."

Ku Kwaokhuta, Wolemekezeka Manjalende anapereka lipoti ataima chilili ngati tambala wa pa chulu.

"Nkhani yabwino, Mwini Dziko. Ku Kumathero tapeza kuti mwa alimi khumi alionse, asanu ndi anayi kulibe. Sitinkadziwa kuti bodza linafika pamenepa."

"Kulibe?" Mfumu inakanda chibwano. "Nanga chimanga timadya kunochi amalima ndani?"

Nduna zinayang'anana. Kenako zinagwirizana kuti funsoli ndi lakuya, liyenera komiti yakeyake, ndipo komitiyo ikakumane kumalo ozizira kumene mutu umaganiza bwino.

Dokotala wa kunyumba yachifumu, a Mwinamwake, ndi amene anakhosomola napempha mwayi. Anati anthuwo mwina alipo pang'ono, kungoti khasu lawafufuta. Mizere ya pachala imaphukanso ngati therere, munthu akangoleka kugwira mpini kwa masabata asanu.

Mfumu inakondwa kuti vuto lapezeka ndipo silili ku likulu. Madzulo omwewo ng'oma ndi wailesi zinalengeza Lamulo Losunga Chala: mlimi aliyense wofuna thandizo la ulimi asiye kulima kwa masabata asanu, kenako abwerenso ku depoti.

Okonda ndagi aimve bwino iyi. Kuti ulandire feteleza wa mlimi uyenera kukhalapo. Kuti ukhalepo uyenera kusiya khasu. Khasu limeneli ukulisiya mwezi wa Disembala, pamene udzu umakula usiku ndi usana osapita ku tchalitchi. Ukapalira, munda ulipo koma iwe kulibe. Ukapanda kupalira, iwe ulipo koma munda kulibe. Aphunzitsi awiri a kusukulu yaukachenjede ya ku Kwaokhuta analemba mabuku otsutsana pa nkhaniyi, ndipo onse awiri anakwezedwa pantchito.

Anthu a ku Kumathero analibe nthawi ya mabuku. Ena anati chala ndi chala, napitiriza kupalira. Ambiri anapachika makasu. Anadzola zala zawo mafuta a nsatsi, nazikulunga tinsanza, nakhala m'mbali mwa msewu zalazo ataziloza kumwamba kuti zisakhudze kanthu. Kumbuyo kwawo chisoso, khovani ndi bonongwe zinkapikisana msinkhu ndi chimanga.

Sabata yachiwiri Mfumu inadutsa m'bomalo paulendo wokatsegula mlatho umene inatsegulanso chaka chatha. Kuchokera kumalire mpaka kumalire inaona anthu ali ndandanda, nkhope zili gwaa, zala zazikulu zili m'mwamba.

"Akuti chiyani anthu angawa?"

"Akuti zonse zili bho, Mwini Dziko," anayankha Manjalende.

Mfumu inagwidwa chisoni chokoma. Inatsitsa galasi nkukweza chala nayonso.

Nangondo anakhala pamsewu masiku atatu. Tsiku lachinayi anapita kumunda kukangoona, ndipo atafika anapeza kuti chimanga akuchita kuchifunafuna ngati ndalama yogwera m'udzu. Anabwerera napita pansi pa kachere.

"Alamu, achimwene anu anakulipirirani sukulu mpaka munathawa nokha. Kandipalirireniko masabata awa okha. Feteleza wanu munalandira kale."

Sipiliyano sanachotse maso pa bawo. "Ine, alamu? Ndiwononge chala cha boma? Chaka chamawa ndidzadya chiyani?"

"Mukudya chiyani chaka chino, si nsima ya pakhomo panga?"

"Ndiye nchifukwa chake ndikukupemphererani kwambiri."

Nangondo anachokapo. Anakafika kunyumba, nayesa kugwira khasu chala chachikulu chili m'mwamba. Khasu linapulumuka nkutsala pang'ono kudula phazi la apongozi. Ndiye anatenga chitenje chakale, namangirira dzanja lamanja pachifuwa ngati lothyoka, napita kumunda. Anagwada pamzere woyamba nayamba kuzula udzu ndi dzanja lamanzere, phesi ndi phesi. Ekala imodzi imaoneka yaing'ono kwa munthu woiona ali pagalimoto. Kwa munthu woyenda ndi maondo, wa dzanja limodzi, ndi dziko. Akafika kumapeto, koyambirira kunali kutameranso. Maondo anatupa, chikhatho chinang'ambika nkupola nkung'ambikanso, koma chimanga chinatuluka poyera, chowonda, chachikasu, chamoyo.

"Taonani alamu anga," Sipiliyano ankauza anzake akamuona akudutsa. "Dzanja limodzi likufa ndi ntchito, linalo langokhala pachifuwa nkumadzola mafuta. Aika boma lonse m'thupi limodzi."

Masabata asanu atakwana, anthu anabwerera ku depoti atanyamula zala zawo mosamala ngati mazira. Koma anapeza matebulo awiri. Zinamveka ku likulu kuti feteleza woyamba uja anagwera alesi, ndipo Nduna, pofuna kuteteza mlimi weniweni, inawonjezera lamulo: makina akakuvomera, upite patebulo lachiwiri, pamene mlangizi wa zaulimi, a Kanyimbi, akhudze chikhatho chako. Mlimi weniweni amadziwika ndi manja okhakhala.

Makina anayaka mobiriwira tsiku lonse. Munthu ankalulutira, nkuyenda mapazi atatu, nkupereka dzanja.

"Manja ofewa ngati a mkwatibwi," ankatero a Kanyimbi. "Inu mulipo, koma si mlimi."

Amene anapitiriza kupalira anali ndi zikhatho zonola nazo mpeni, koma iwo ankathera patebulo loyamba. Pakati pa matebulo awiriwo panali mapazi atatu okha, ndipo pofika masana panalibe amene anawoloka onse awiri.

Nangondo anamasula chitenje, natulutsa dzanja lamanja lotuwa ngati chinangwa chosenda. Kubiriwira.

"Mwabwerako, mayi," anatero a Bwerezani. "Takulandirani m'dziko."

Anayenda mapazi atatu aja natambasula dzanja lamanzere.

A Kanyimbi anadzidzimuka ngati awaloza ndi mfuti. "Mayi, munakulira kuti inu? Dzanja lamanzere kwa munthu wa boma?"

"Lamanja ndapatsa kale makina, bambo. Ili ndiye lanu."

Mlangizi analikhudza ndi nsonga za zala, nabweza msanga. Linali ngati khungwa la mtengo wa mango. Anatsegula pepala la lamulo naliwerenga kawiri, kachitatu mokweza. Linkangoti "dzanja". Silinanene liti. Anayang'ana a Bwerezani, a Bwerezani anayang'ana makina, makina sananene kanthu. Potsiriza chidindo chinagwa papepala, phaa, ndipo mzere wonse unafuula ngati chigoli chalowa.

"Tsopano ndipite pati?" anafunsa Nangondo.

Apa mpamene zinadziwika kuti tebulo lachitatu kulibe. Palibe anaganizapo kuti lidzafunika. Wosunga makiyi a nyumba yosungira feteleza anakamupeza akumeta tsitsi kumsika, ndipo atatsegula chitseko munatuluka nkhuku ndi anapiye asanu ndi awiri.

"Mayi," ananong'ona a Bwerezani, thukuta lili kamukamu, "mwatilakwira kwambiri."

Uthenga utafika ku Kwaokhuta, Manjalende anayamba walamula kuti mayiyo amangidwe pa mlandu wokhala ndi manja awiri osiyana. Koma ali mkati mosaina anaima, natenga pensulo. Alimi enieni otsimikizika m'boma la Kumathero: mmodzi. Matumba ofunika: awiri. Akalandira mmodziyo ndiye kuti alimi onse alandira, osatsala ndi mmodzi yemwe, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya Tionamawa. Anathamangira kwa Mfumu nsapato imodzi yosamanga.

Analengeza kuti Loweruka Mfumu idzapereka yokha matumba awiriwo, pamunda penipeni pa mlimi wachitsanzo. Matumbawo anakagulidwa kwa mavenda a pa Chotsaniko, ndi ndalama za boma, pa mtengo wa matumba khumi.

Nangondo atamva anapita kumunda. Chimanga chinali m'chiuno. Anapatula masamba a kunsonga kwa phesi limodzi nasuzumira: ngayaye inali idakali mkati, yobisala. Loweruka linali lisanachedwe. Kukanangogwa kamvula Lamulungu, nkhokwe ikanafika Febuluwale wa chaka chamawa. Kwa nthawi yoyamba chigulitsire mbuzi, anaseka yekha.

Lachinayi kunabwera galimoto kudzamutenga. Anati mlimi wachitsanzo sangaonekere pamaso pa Mfumu chisawawa. Anamusunga kuboma masiku awiri akumuphunzitsa kugwada, ngati kuti masabata asanu aja ankachita china. Anamusokera diresi la nsalu ya nkhope ya Mfumu, telala nkusamala kuti nkhopeyo isagwere pokhalira. Anamuloweza mawu othokoza a ndime zinayi. Sipiliyano anapita nawo ngati woimira banja, nadya nkhuku m'malo mwa onse otsala kumudzi.

Loweruka m'mawa galimoto inamubweretsa. Itaima, Nangondo anauza dalaivala kuti wasochera.

"Ndi pompano, mayi."

Anazindikira chulu chokha. Kuchokera pachulupo mpaka kumtsinje panali matenti atatu oyera, nsanja ya matabwa, mipando mazana asanu, chimbudzi chapadera cha Mfumu, ndi magalimoto makumi anayi oimikidwa bwinobwino motsata mizere. Komiti yokonza mwambo inafika Lachinayi lomwelo nipeza mavuto awiri: malo a matenti panalibe, ndipo chimangacho chinali chachikasu, choti pachithunzi chikanachititsa manyazi ndondomeko ya Mfumu. Akaidi makumi awiri ndi zikwanje anathetsa mavuto onse awiri dzuwa lisanapendeke. Kumbuyo kwa nsanja anandandalika chimanga chobiriwira cha m'zidebe, chobwereka ku famu ya Nduna, choti chibwerere madzulo.

Apongozi ake anali atakhala pachulu, ndodo ili pamiyendo.

Panali magule. Panali pemphero. Manjalende anayankhula maola awiri, nanena kuti mayiyu ndi umboni wakuti amene alipo amalandira, ndipo odandaula onse afunse kaye ngati alipo. Kenako Mfumu inati ikufuna kuponda nthaka ya mlimi ndi mapazi ake, anthu aone kuti siinyada. Inatsika pansanja, asilikali awiri atanyamula matumba kumbuyo kwake, ojambula akuyenda chambuyo kutsogolo kwake.

Nangondo anagwada monga anamuphunzitsira. Mawu a ndime zinayi aja anali atamuthawa onse. Maso ake anali pansi.

"Mwana wanga," inatero Mfumu pachimkuzamawu, "nawu feteleza wako. Usagulitse. Usachedwe naye. Ine ndi mwana wa mlimi, ndikudziwa: chimanga sichidikira. Ukathire lero lomwe."

Chimkuzamawu anachitsitsira pakamwa pa Nangondo.

"Ndamva, Mwini Dziko," anatero. "Ndithira pompano. Mungonyamulako phazi pang'ono. Phesi latsalalo mwaliponda."